Yisiti wanu akadali moyo? Muyeseni musanathire mu mgolo

Aliyense amene anafululapo mowa amaudziwa m'mawa uja umene munthu amadzuka kusanache, n'kupita pamene pali mgolo, kuvundukula chiguduli, n'kutchera khutu. Mowa ukamawira umamveka. Umachita kaphokoso ngati mvula yowaza ikugwa pa masamba ouma, ndipo kafungo kake kamalasa m'mphuno. Koma tsiku lina mumavundukula n'kupeza kuli zii. Phala lili duu monga munalisiyira dzulo, pamwamba pake padikha timadzi. Ufa wapita, chimera chapita, shuga amene munagula ndi ndalama ya kubanki m'khonde wapita, nkhuni za masiku atatu zapsa, ndipo eni chinkhoswe akudikira Loweruka. Apa m'pamene mawu amayamba kutuluka pakhomo. Wina akuti alipo amene wasempha mwambo, wina akukumbukira mnansi amene anadutsa pafupi ndi moto dzana. Anthu amasiya kupatsana moni chifukwa cha mgolo umodzi, chonsecho wolakwa anali kapaketi ka yisiti kamene kanafera pashelefu ya golosale miyezi ingapo m'mbuyomo.

Tsoka lotereli limapeweka ndi tambula imodzi, madzi ofunda, kasupuni ka shuga ndi mphindi 15. Njira yake ndi imodzimodzi kwa inu amayi amene simufulula mowa koma mumakazinga mandasi, mumaphika mabanzi ndi buledi, kapena mumapanga vinyo wa nthochi ndi chidede m'magulu anu, pakuti yisiti wa ntchito zonsezi ndi wa mtundu umodzi.

Ambiri timamuona yisiti ngati mankhwala, m'gulu limodzi ndi soda kapena mchere. Ayi, yisiti ndi chamoyo, wachibale wa bowa ndi chuku. Akatswiri amamutcha Saccharomyces cerevisiae. Ndi tizamoyo tating'ono zedi, moti tokwana 100 titandanda pamzere sitingapitirire milimita imodzi, ndipo mu galamu imodzi ya yisiti wouma muli mabiliyoni angapo. Chakudya chake ndi shuga. Akadya amatulutsa zinthu ziwiri, ukali wa mowa uja umaledzeretsa ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umatuluka mukatsegula botolo la Fanta. Mu mgolo mpweyawu ndi umene umachita thovu. Mu ufa wokanda ndi umene umafufumitsa, ndipo ukali wa mowawo umauluka ndi moto pophika. Yisiti akapeza chakudya ndi kufunda kokwanira amaberekana mwa kuphuka kamwana m'mbali, pafupifupi maola awiri alionse. N'chifukwa chake kapaketi ka magalamu 10 kamakwanira ndowa ya malita 20, kakhala kamoyo.

Zoti m'mowa muli chamoyo zinatenga nthawi kuti zidziwike. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland anaona timibulu ta yisiti pa makina ake okuzira zinthu m'chaka cha 1680, koma sanazindikire kuti ndi tamoyo. Louis Pasteur wa ku France ndi amene, kuyambira m'chaka cha 1857, anaonetsa kuti kuwira ndi kusasa ndi ntchito ya tizamoyo. Mu 1883 Emil Christian Hansen, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen, anapatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuweta pawokha, atatopa ndi mowa umene unkangoonongeka popanda chifukwa chooneka. Kampani yomweyo ndi imene inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark. M'mafakitale otere sathira yisiti asanamuyese. Amatengako kadontho, kuthira utoto wotchedwa methylene blue, n'kuyang'ana pa makina: wakufa amasanduka wabuluu, wamoyo amakhala wosasintha, ndipo amawerenga. Ife makinawo tilibe, koma funso lake ndi lomwelo, ndipo tambula imaliyankha mokwanira.

Agogo athu nawonso ankaweta yisiti ngakhale dzinali sankalidziwa. Mbiya imene yafululirapo mowa kambirimbiri imasunga yisiti m'timing'alu ta dothi, ndipo masese a mowa wapita amene ena amathira ku mowa watsopano ndi yisiti yemweyo. Lero ambiri tinasiya mbiya n'kutenga migolo ndi ndowa zapulasitiki, zimene zikatsukidwa sizisunga kanthu, ndiye tikudalira kwambiri wa m'paketi.

Wa m'paketiyo amamuumitsa kufakitale mpaka madzi atatsala ochepa kwambiri. Sanafe, ali m'tulo. Koma m'tulo momwemo amafa pang'onopang'ono, ndipo zimene zimafulumizitsa imfa yake ndi mpweya, chinyezi ndi kutentha. Paketi yosatsegula imakhala pafupifupi zaka ziwiri kuchokera tsiku limene inapangidwa, ngati yasungidwa pozizira. Tsiku lothera mphamvu limalembedwa pafupi ndi zilembo za EXP kapena BB. Liwerengeni ndithu, koma musalikhulupirire lokha. Amene analemba tsikulo sankadziwa kuti paketiyo idzakhala m'golosale ya denga la malata ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40. Mbali inayi, paketi imene tsiku lake ladutsa ndi mwezi umodzi koma inali mu furiji ikhoza kukhala yamphamvu ndithu. Tsikulo limangokuuzani zoyembekezera, koma za paketi imene ili m'manja mwanuyo ikuuzeni tambula.

Kuyesa kwake

Tengani tambula yagalasi yoyera kuti muziona za m'kati. Thiranimo madzi okwana theka la kapu, amene munawiritsa n'kuwasiya kuti apole. Madzi akumwa amene mwangothira kumene kolorini pitirizani kumwa monga mwa masiku onse, koma poyesa yisiti owiritsa ndi abwino, chifukwa kolorini akachuluka amamufooketsa ndipo mungamunamizire kuti wafa.

Kafundidwe ka madzi ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pafunika madigiri 35 mpaka 40, ndiye kuti ngati madzi osambitsira khanda. Dontheza pamkono kapena viikani chigongono. Mukamva kufunda kokoma, ali bwino. Mukafuna kuchotsa msanga, atenthetsa. Chala cha mayi amene amagwira mapoto tsiku ndi tsiku sichinena zoona, chinazolowera moto, n'chifukwa chake tikunena chigongono. Yisiti amayamba kuvutika madzi akadutsa madigiri 45, ndipo akafika pa 55 mpaka 60 amafa. Madzi ozizira samupha, koma amadzuka mochedwa kwambiri.

Sungunulani m'madzimo supuni yaing'ono imodzi ya shuga. Musachulutse poganiza kuti mukumukomera mtima, pakuti shuga wambiri amayamwa madzi m'thupi mwa yisiti monga mchere umachitira ndi nsomba yowamba. Mchere usayandikire n'komwe. Kenaka wazani masupuni aang'ono awiri a yisiti pamwamba, takasani pang'ono, ikani chizindikiro ndi khala kapena kachingwe pamene madzi alekezera, vundikirani ndi kambale, n'kuika pamalo pofunda popanda mphepo. Osati padzuwa, osatinso pambali pa mbaula.

Pakatha mphindi 10 yisiti wamphamvu amakhala atachita thovu lochindikala, loyererako ngati la chibuku, lokwera mpaka za m'tambula zitawirikiza kawiri. Fungo lake ndi la buledi wosaphika. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kumadera ozizira ngati Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, madzi amazizira msanga m'tambula, ndiye dikirani mphindi 15 kapena 20, kapena khazikani tambulayo m'mbale ya madzi ofunda. Thovu likakhala lopyapyala, longozungulira m'mbali mwa galasi, yisitiyo ndi wofooka: ena ali moyo koma ambiri anafa. Madzi akangochita mbuu, timibulu titakhala pansi ngati matope, pamwamba pali see, patatha mphindi 30, tayani.

Pali zinthu zimene zimapusitsa. Timibulu touma tikangonyowa timafufuma n'kutulutsa timathovu tochepa ta mpweya umene unatsekeredwa m'kati. Ngakhale yisiti wakufa amachita zimenezi m'mphindi ziwiri zoyambirira. Thovu la moyo limachedwerapo kuyamba, ndipo likayamba limakulirakulira. Mukakayika, yesani matambula awiri nthawi imodzi, ina ya shuga ina yopanda shuga. Zikaoneka chimodzimodzi, palibe amene akudya shugayo. Chinanso ndi soda ndi bekingi paudala. Bekingi paudala amachita thovu pompopompo akangokhudza madzi ofunda, ndipo soda amatero akakumana ndi chowawasa, koma zonsezi si zamoyo ndipo sizingapange mowa ngakhale mutadikira mwezi. Palinso yisiti wina wogulitsidwa m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu monga chakudya chowonjezera mavitamini, ufa kapena mapiritsi, nthawi zina wolembedwa kuti brewer's yeast. Ameneyu anaphedwa dala ndi moto kufakitale. Dzina likunena za mowa, koma mgolo sangauwiritse.

Yisiti wopangidwira mowa kapena vinyo weniweni, amene ena amabweretsa kuchokera ku South Africa, kawirikawiri sathamanga ngati wa buledi. Musamuweruze pa mphindi 10. Mpatseni theka la ola m'madzi ofunda pang'ono chabe, pafupifupi madigiri 30, ndipo ngakhale thovu litakhala lochepa, muyeseninso ndi njira yachiwiri iyi, imene ineyo ndimaikhulupirira kuposa yoyamba chifukwa siinama.

Tengani botolo laling'ono loyera. Thiranimo thobwa lotsekemera limene mwawiritsanso n'kulipoza, mpaka theka. Kuwiritsako n'kofunika, chifukwa thobwa losawiritsa lili ndi yisiti wakewake wochokera ku chimera, ndipo likhoza kuwira lokha n'kupatsa ulemu yisiti wakufa. Ngati thobwa palibe, madzi a shuga omwe aja akwanira. Thiranimo theka la supuni ya yisiti, khutchumulani, ndipo kukamwa kwa botolo mangani baluni ya ana kapena kathumba kapulasitiki ka mafirizesi, mutafinya mpweya wonse. Yisiti wa buledi wamoyo amaimika baluni ola lisanathe. Wa mowa angatenge maola angapo, mwina usiku wonse. Baluni ikakhala yogona mpaka m'mawa, musavutikenso. Koma musatseke botolo ndi chitsekerero chake cholimba, makamaka lagalasi. Mpweya wa yisiti umaphulitsa botolo, ndipo magalasi ake amavulaza.

Masese otsala ku mowa wapita

Amene amagwiritsa ntchito masese a mowa wakale ali ndi ntchito yokulirapo, chifukwa m'masese simukhala yisiti yekha. Mumakhalanso tizilombo ta mabakiteriya. Tina ndi tofunika, pakuti ndi timene timapatsa mowa wamasese kuwawasa kwake kokoma, tofanana ndi timene timasasitsa chambiko. Tina timasandutsa mowa kukhala viniga tikapeza mpweya. Masese akamakhalitsa yisiti amacheperachepera, mabakiteriya n'kumachuluka. Nyengo yotentha, masese osasungidwa mu furiji amakhala odalirika masiku awiri kapena atatu basi. Mu furiji angafike sabata imodzi kapena ziwiri.

Yambani ndi maso ndi mphuno. Masese abwino amanunkhira mowa ndi kuwawasa pang'ono. Akamanunkha ngati nyama yoola kapena mazira ovunda, akamatamuka ngati therere, kapena pamwamba pakamera ubweya wobiriwira, wakuda kapena wofiirira, musayese n'komwe, ndipo musati muchotse pamwamba pokha. Akadutsa pamenepa, tengani masupuni aakulu atatu, thirani m'kapu ya thobwa lowiritsa lopola, vundikirani ndi kansalu koyera. Pano pali msampha. Masese amasunga mpweya wakale, ndipo mukangowatakasa kapena kuwathira shuga amachita thovu nthawi yomweyo. Limenelo ndi thovu la dzana. Lisiyeni lithe, ndipo mukabwerenso patatha maola 6 mpaka 12. Mukapeza timathovu tikukwera tokha kuchokera pansi, thobwa litayamba kuchepa kutsekemera ndi kuluma lilime, yisiti alimo ndipo akugwira ntchito. Mukapeza langowawasa popanda thovu, mabakiteriya ndi amene atsala, ndipo mgolo wanu udzakhala wowawasa wopanda mphamvu.

Nanga yisiti akapezeka wofooka, golosale ili kutali, mutani? Kwa mandasi, wirikizani kawiri muyeso wake n'kuupatsa ufa nthawi yotalikirapo. Kwa mowa kuli bwino kumulera kaye. Thirani yisiti yenseyo mu lita imodzi ya thobwa lowiritsa lopola, vundikirani ndi nsalu, muzitakasa nthawi ndi nthawi kuti mpweya ulowe, pakuti poberekana yisiti amaufuna mpweya. Pofika tsiku lotsatira amoyo aja amakhala atachulukana, ndipo lita imeneyo ikamawira mwamphamvu ndiyo muthire mu mgolo. Kuthira yisiti wofooka mwachindunji n'kutchova juga. Phala lotsekemera lofunda ndi chakudya cha tizilombo tonse, ndipo amene wayamba kudya ndiye mwini mgolo. Yisiti wamphamvu amalanda malo m'maola ochepa, n'kutulutsa ukali umene umaletsa enawo. Wofooka amachedwa tsiku lonse kapena awiri, ndipo akamadzuka amapeza ena atakhazikika kale.

Pamene yisiti alibe mlandu

Tsopano tinene za mgolo umene wakana kuwira chonsecho yisiti anayesedwa ndipo anali wamoyo. Izi zimachitika, ndipo kawirikawiri nkhani imakhala ya kutentha kapena ya chimera.

Yisiti uyu sangadye ufa. Sitalichi wa m'chimanga, m'mapira ndi m'mawere ndi wamkulu kwambiri kwa iye. Ntchito ya chimera ndi kuphwanya sitalichiyo kuti asanduke shuga, n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kutsekemera mukathira chimera. Mphamvu ya chimerayi imagwira bwino phala likakhala lotentha ndithu, pa madigiri 60 mpaka 70, ndipo imatha phala likakhala lobwadamuka. Taonani tsono: kutentha kumene chimera chimakonda ndi komwe kumapha yisiti. Awiriwa salowa pakhomo nthawi imodzi. Chimera chimatsogola phala litangopola pang'ono, ndipo yisiti amabwera pambuyo, zonse zitapola kufika poti chigongono sichikumvanso kutentha. Mgolo waukulu umanyenga, pamwamba pamazizira pansi pakadali moto. Takasani mpaka pansi ndi mthiko wautali musanayese. Yisiti wambiri amene amanenedwa kuti anagulidwa wakufa anafera mu mgolo momwemo, m'mphindi yoyamba.

Choncho musanathire yisiti, lawani. Phala likakhala lamadzimadzi ndi lotsekemera, chimera chagwira. Likakhala lolimbabe ndi lozizira m'kamwa ngati phala wamba, yisiti sapezamo chakudya ngakhale mutathira mapaketi asanu. Mawere kapena mapira opangira chimera nawonso amayesedwa. Werengani njere 100, ziikeni pa kansalu konyowa, pindani, n'kumawaza madzi tsiku ndi tsiku. Pakatha masiku atatu kapena anayi werengani zimene zamera. Zikafika 90 ndi mbewu yabwino. Zikamera theka lokha, chimera chake chidzakhala chofooka, ndipo njere zosamerazo ndi zimene zimayamba kuola ndi kuchita chuku. Mbewu yogula yobzala, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala ophera tizilombo ndipo siyenera kupangidwa chimera kapena chakudya chilichonse.

Nthawi zinanso mgolo umakhala chete chifukwa ntchito yatha. M'nyengo yotentha yisiti wamphamvu amatha kumaliza shuga yense inu muli m'tulo. Apanso lilime ndi limene limaweruza. Ngati kutsekemera kwatha ndipo ukali ukumveka, mowa wapsa, ndipo kuthiramo yisiti wina n'kungotaya ndalama. Ngati kukadali kotsekemera ngati thobwa la lero, ndiye kuti kuwira sikunayambe kapena kwaima panjira. Kuzizira kwa usiku wa mu Juni kumatha kugoneka yisiti osamupha. Sunthirani mgolo m'nyumba, ufunditseni ndi bulangete kapena ziguduli, takasani, n'kudikira theka la tsiku. Zikakanika, thirani yisiti wolera kale uja. Chimene simuyenera kuchita ndi kuthiramo zinthu zosadyedwa zimene ena amanong'onezana kuti zimapsetsa mowa msanga. Palibe chinthu chotero chimene chingadzutse yisiti wakufa, ndipo omwa mowawo ndi anthu a m'mudzi mwanu momwemo.

Thovu limanena za yisiti yekha

Tambula ikachita thovu yakuuzani chinthu chimodzi, kuti yisiti ali moyo. Za ufa ndi chimera sinanenepo kanthu. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kwa anansi athu, anthu opitirira 230 anadwala ndipo 75 anamwalira atamwa mowa wofulula pakhomo pa mwambo wa maliro. Poyamba mphekesera inali yoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Kafukufuku atachitika zinapezeka kuti mu mowawo munali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene anamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi mwa omwalira. Poizoni ameneyu samveka fungo, samveka pakamwa, ndipo kuphika sikumuthetsa.

Kuno kwathu akatswiri anapezanso poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, m'chimera ndi m'mowa wamasese. Ameneyu sapha tsiku lomwelo kawirikawiri, koma amaononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kuwiritsa kapena kufulula sikumuchotsa yense. Pali chizolowezi choti chimanga choola, chimene sitingaphikire nsima, chipite ku mowa. Chizolowezichi n'choopsa, makamaka tikakumbukira kuti thobwa limene timapatsa ana limachokera ku ufa ndi chimera chomwecho. Ufa umene unanyowapo n'kuchita zibuma, ndi chimera chimene chachita ubweya kapena kununkha chinyezi, sizikonzeka ndi yisiti wabwino. Za ana zomwezi, thobwa likagona masiku awiri kapena atatu n'kuyamba kuchita thovu ndi kuluma lilime, yisiti walowamo ndipo lasanduka mowa. Limenelo si la ana kapena amayi oyembekezera, ngakhale dzina likadali thobwa.

Mgolo wowira muuvundikire ndipo ana asasuzumiremo. Mpweya umene umadzaza pamwamba pa mowa ndi wolemera, sutuluka msanga, ndipo munthu akalowetsa mutu amachita chizungulire. Chipinda chokhala ndi migolo ingapo chizikhala chotsegula zenera, ndipo musagonemo.

Kusunga

Paketi yaikulu ya magalamu 500 imabwera yolimba ngati njerwa chifukwa anaichotsa mpweya. Mukaigwira m'sitolo n'kupeza yafewa, timibulu tikuyendayenda m'kati, yabooka penapake, isiyeni. Yisiti wopimidwa m'timapepala tapulasitiki pamsika, wopanda dzina kapena tsiku, amene amakhala padzuwa tsiku lonse, ndi amene ayenera kuyesedwa nthawi zonse. Sikuti wogulitsayo ndi wachinyengo, mwina iyenso sakudziwa. Gulani kamodzi kokha kaye, kayeseni kunyumba, ndipo mukakhutira mubwerere.

Paketi ikatsegulidwa masiku ake amayamba kuthamanga. Finyani mpweya, pindani kukamwa kangapo, mangani ndi mphira, n'kuika m'botolo louma lotseka bwino. Mu furiji yisiti wotere amatha miyezi itatu kapena inayi. Popanda furiji muwerengere masabata ochepa, ndipo botololo likhale pansi pakona yozizira ya nyumba, osati kukhitchini kumene kuli utsi ndi nthunzi, osatinso pamwamba pa khoma pafupi ndi malata. Potunga gwiritsani supuni youma. Kadontho kamodzi ka madzi kamadzutsa yisiti amene kamukhudza, ndipo akadzuka n'kusowa chakudya amafa.

Paketi yaikulu ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi timapaketi ta magalamu 10, koma kwa mayi amene amafulula kapena kuphika kamodzi pa mwezi, theka lake lidzafa asanalifike. M'gulu la amayi asanu kapena khumi nkhani imasintha. Sonkhani, gulani imodzi, itseguleni pamsonkhano, yesani supuni ziwiri m'tambula onse akuona, ndipo gawanani tsiku lomwelo, aliyense atabwera ndi kabotolo kake kouma. Lembani tsiku lotsegulira pa kapepala n'kumata pabotolo.

Muziyesa tsiku limene mukuviika mawere kapena kukagayitsa chimanga, osati usiku umene phala lapola kale ndipo golosale yatsekedwa. Za m'tambula zikachita thovu musataye. Ngati phala kapena ufa wokanda zakonzeka, thirani momwemo, ndi yisiti wodzuka kale. Ngati tsiku lofulula likadali kutali, kandirani mandasi a ana madzulo omwewo.